Galu Sasankha Mbuyake

Pa boma la Dedza, m'nyumba za mipanda ya njerwa zimene zikuchulukirachulukira m'munsi mwa phiri, mwayamba kuoneka agalu amene kale ankapezeka kwa anthu owerengeka a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndi tiagalu tating'onoting'ono. Tina ndi toyera mbee, ta ubweya wautali, timene amatitcha Maltese; tina ndi ta ubweya waufupi ndi mawanga ofiirira kumutu, tosadziwa kukhala pansi, timene amatitcha Jack Russell. Zithunzi zake zimayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook limodzi ndi mtengo wake, ndipo ana akaumirira kuti nafenso tikufuna, makolo amayamba kufunsana kuti titenge kati mwa tiwiriti. Ambiri amati imeneyi ndi nkhani ya kukonda kwa munthu basi, ndipo wina ataitengera ku za Mulungu ndi za chikumbumtima akhoza kumuseka. Ine ndikuti ndi nkhani ya chikumbumtima ndithu, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: pa kusankhaku mphamvu zonse zili mbali imodzi. Banja limayang'ana, limayerekeza, limanenerera mtengo, likafuna limasintha maganizo. Galuyo alibe mawu pa za nyumba imene akakhalemo mpaka imfa, pa za chimene azikadya, ngakhale pa za dzanja limene lizikamugwira. Pamene wina ali ndi mphamvu yotere pa moyo wa cholengedwa chinzake, kufunsa kuti ndi uti atisangalatse n'kuyambira pakati. Funso loyamba n'lakuti ndi uti amene nyumba yathu, mmene iliri leromu, ingathe kumusunga osamulakwira.

Makolo athu anali nayo kale nkhani ya mmene galu anafikira pakhomo pa munthu, ndipo malo ake sali kutali ndi kuno. Ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama cha kumalire ndi Mozambique, ndi kumene Achewa amati mwamuna ndi mkazi oyamba anatsikira ndi mvula atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, ndipo Chauta ndi nyama zonse anatsika nawo, onse n'kumakhala pamodzi mumtendere. Mtenderewo unatha tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri, tchire n'kuyaka. Njovu, mkango ndi zinzake zinathawira kutali zitakwiya, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, koma galu ndi mbuzi anathamangira kwa munthu yemwe uja anayatsa motoyo kuti awapulumutse. Ofufuza monga Matthew Schoffeleers anailemba nkhaniyi, ndipo okamba amasiyana apa ndi apo, koma chimene chikundigwira mtima ndi malo a galuyo. Sanagulidwe, sanakodwe pa msampha, sanaperekedwe ngati mphatso. Anabwera akuthawa ngozi imene munthu anaiyambitsa. Ndipo mwambo wathu pa wothawira pakhomo pako ndi wodziwika: sumupirikitsa, sumumana madzi, ndipo choipa chikamugwera ali m'manja mwako mlandu umakhala wako. Galu anasankha kamodzi kokha, pa tsiku la moto lija. Chiyambire pamenepo osankha takhala ife.

Sindikunena kuti makolowo ankagona ndi agalu pamphasa. Kumutcha munthu galu ndi chipongwe mpaka lero, ndipo agalu ambiri a kumudzi amadziwa mwala ndi chikuni kuposa dzanja lowasisita. Komabe pali zinthu ziwiri zimene galu wa kumudzi ankapatsidwa, zimene kagalu kogula kangamanidwe ngakhale katakhala pa sofa. China ndi ntchito yogwirizana ndi chibadwa chake: kulondera khola fisi akamazungulira usiku, kupirikitsa anyani kumunda, kutsogola ku uzimba n'kulandirako matumbo nyama ikatumbulidwa. China ndi ufulu woyenda ndi kununkhiza dziko limodzi ndi agalu anzake. Akuluakulu akamati galu wamkota sakandira pachabe, ankalankhula monga anthu amene anamuyang'anitsitsa galu nthawi yaitali mpaka anavomereza kuti zochita zake zili ndi chifukwa. Ulemu umenewo, wovomereza kuti chiweto chili ndi khalidwe lakelake limene ndodo singalifafanize, ndi umene ukufunika posankha pakati pa Maltese ndi Jack Russell.

Ndipotu ngongole yathu kwa tiagalu iti ndi yokulirapo, chifukwa mitunduyi ndi ntchito ya manja a anthu. Jack Russell anatenga dzina la m'busa wa mpingo wa Anglican, John Russell wa ku Devon ku England, amene anabadwa mu 1795 n'kumwalira mu 1883. Mu 1819, akuphunzira ku Oxford, anagula kagalu kakakazi kotchedwa Trump kwa munthu wogulitsa mkaka, ndipo kuyambira pamenepo anakhala akusankha ndi kukweretsa agalu pofuna wotha kuthamanga tsiku lonse pambali pa akavalo, kulowa ku una kwa nkhandwe, n'kuuwa komweko mpaka nkhandweyo itatuluka. Kukumba, kuuwa, kuthamangitsa chilichonse chothawa, kusatopa, zonsezi m'busayo anazifuna dala. Maltese mbiri yake ndi yakale kwambiri, ya m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kumene Agiriki ndi Aroma ankasunga kale tiagalu tonyamula m'manja. Ntchito imene anthu anamusankhira mibadwomibadwo ndi yokhala pafupi ndi munthu, palibenso ina. Kenako kunabwera ziwonetsero za agalu, choyamba ku Newcastle mu 1859, ndi bungwe la Kennel Club mu 1873, limene linayamba kulemba mibadwo ya agalu m'kaundula kuti mitundu isasakanikirane. Choncho Jack Russell akamakumba pansi pa mpanda, kapena Maltese akamalira tsiku lonse atatsekeredwa yekha, si mwano ayi, ndipo si kupusa. Ndi chilakolako chimene anthu anachidzala dala m'thupi la chamoyo, ndipo wogula galuyo wagula chilakolakocho limodzi ndi udindo wochikwaniritsa.

Tiwaike awiriwa pa dothi la Dedza tione. Jack Russell ndi wolimba. Ubweya wake sugwira matope, nkhupakupa ikamuluma imaoneka msanga, ndipo pakhomo posungira matumba a chimanga kapena mbatata ya kachewere makoswe amaona zakuda. Njira zokwera phiri pakati pa mitengo ya paini zili ngati anazilambulira iyeyo. Ndi wokhalitsanso: kafukufuku amene a Royal Veterinary College ku Britain anatulutsa mu 2022, atawerengera agalu oposa 30,000, anapeza kuti mtunduwu ndiwo unatsogola pa kutalika kwa moyo, pafupifupi zaka 13. Koma galu yemweyu sasiyanitsa khoswe ndi mwanapiye. Thadzi la aneba likadutsa ndi anapiye ake, iye amaima njo, thupi lonse gwa, maso pa kamodzi kotsalira m'mbuyo. Kakangoti kathamange, zatha: wagwira, wapukusa kawiri, wataya, watsata kena. Kuno nkhuku ndi ndalama ya sopo, ya mchere ndi ya kuchipatala, ndiye dandaulo silichedwa kufika kwa mwini galu, mwinanso kwa amfumu. Yankho la mabanja ambiri limakhala tcheni. Galu amene anthu anamuumba kuti azithamanga tsiku lonse amangidwa pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, azungulirazungulira mpaka pansi pachita njira yolimba, auwa usiku wonse, ndipo mwana akamuyandikira mosasamala amaluma. Eni ake amati tinagula galu wolusa. Zoona zake n'zakuti anatenga galu wofuna mpanda wosakumbika ndi munthu woyenda naye m'mawa ndi madzulo, iwo alibe zonse ziwiri.

Maltese mavuto ake ndi ena. Ubweya wautaliwo umanamiza, chifukwa pansi pake palibe ubweya wachiwiri wofunda umene agalu a kumayiko ozizira ali nawo. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye kumazizira kutsika pansi pa madigiri 10. Kagalu ka makilogalamu 3 kapena 4 sikangagone pakhonde pa chisanu chotere, ndiye banja limene mumtima mwake limanyansidwa ndi galu wa m'nyumba lisadzinamize kuti lidzazolowera. Kenako pali kupesa. Kakangodutsa m'tchire kamodzi kamabwera katadzaza chisoso m'miyendo ndi kumchira. Fumbi la Okutobala ndi matope a Januwale zimamatirira. Pakapita masiku osapesedwa ubweya umapotana kuseri kwa makutu ndi m'khwapa n'kupanga zibuluma zokoka khungu, ndipo pansi pa zibulumazo ndi pamene utitiri ndi nkhupakupa zimabisala mpaka pachita chilonda. Mano a tiagalu totere amaola msanga. Mafupa ake ndi opyapyala, moti mwana wa zaka 3 akakagwetsa m'manja mwendo ukhoza kuthyoka. Kumbali ina, sikafuna bwalo lalikulu, nkhuku za aneba sizikhala pangozi kwambiri, ndipo kwa agogo amene amaswera pakhomo ndi bwenzi lenileni. Jack Russell amapempha miyendo yathu ndi mpanda. Maltese amapempha manja athu, nthawi yathu ndi malo m'nyumba mwathu. Palibe woposa mnzake. Pali nyumba imene ili ndi ichi ndi nyumba imene ili ndi icho, ndipo palinso nyumba zambiri zimene zilibe chilichonse mwa ziwirizi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi malangizo a dokotala wa ziweto, Mulungu walowapo pati? Walowapo pa funso la ulamuliro. Akhristu ambiri, a Katolika a ku Bembeke ndi ku Mua ngakhalenso a CCAP a Sinodi ya Nkhoma, amakumbukira bwino kuti chaputala choyamba cha Genesis chimapatsa munthu ulamuliro pa nyama, koma amaima pomwepo. Chaputala chachiwiri chimamuika munthu yemweyo m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Lamulo la Sabata limapumitsa ng'ombe ndi bulu limodzi ndi mwini wake. Deuteronomo 25 amaletsa kumanga pakamwa ng'ombe yopuntha tirigu, ndipo Miyambo 12:10 imaika kusamala moyo wa chiweto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama. Ulamuliro wa m'Malemba ndi wa kapitawo amene adzafunsidwe, ndipo mwini zolengedwazo ndi wina. Anthu oganiza mozama anasiyana pa chifukwa chake nkhanza kwa nyama ili yoipa. Thomas Aquinas, ndipo pambuyo pake Immanuel Kant, anati vuto lake n'lakuti imaumitsa mtima wa munthu kwa anthu anzake. Kant anapereka chitsanzo cha munthu wowombera galu wake wokalamba chifukwa sakugwiranso ntchito. Jeremy Bentham mu 1789 anati choyenera kuyang'ana n'chakuti nyamayo imamva kuwawa, ngakhale isalankhule kapena kuganiza ngati ife. Ine ndikuona kuti Aquinas ndi Kant anaona zoona koma anaima panjira. Kumanga galu pa tcheni chaka chonse kungaumitse bwanji mtima, ngati palibe amene akuvutika pa tchenipo? Kuswa mwala sikuumitsa mtima wa munthu. Mtima umauma chifukwa tsiku ndi tsiku ukuphunzira kumva kulira n'kusatembenuka, ndipo kuliraku n'kwenikweni. Ndiye kuti wolakwiridwa woyamba ndi galuyo. Mwana amene makolo anamugulira galu kuti aphunzire chifundo ndi wolakwiridwa wachiwiri, chifukwa akuphunzira zosiyana ndi zimenezo.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'cha umphawi, ndipo sichoyenera kuchipeputsa. M'boma lomweli muli mabanja amene Januwale ndi Febuluwale amadya kamodzi pa tsiku, amayi oswera pa ganyu kuti apeze ufa wa usiku, ana opita kusukulu m'mimba muli pululu. Kodi si tchimo kukhala pansi n'kumayerekeza tiagalu ta mtengo wapatali pakati pa anthu otere? Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, m'ndime 2418, amachenjeza kuti si koyenera kuwonongera pa nyama ndalama zimene zikanayenera kuyamba zathandiza anthu ovutika, ndiponso kuti chikondi choyenera munthu chisapatsidwe kwa nyama. Papa Francis pa 5 Januwale 2022 anadzudzula poyera mabanja amene amaika agalu ndi amphaka m'malo mwa ana. Ine ndikuvomereza zonsezi, ndipo ndiwonjezerapo muyeso wa pakhomo pomwepo. Nyumba zambiri zosunga tiagaluti zili ndi mtsikana wantchito kapena mlonda. Ngati chakudya cha galu pa mwezi chikuposa malipiro a mlondayo, ngati galu akudwala athamangira naye ku Lilongwe pagalimoto koma wantchito akadwala amangomupatsa panado, pakhomopo pali tchimo, ndipo galu alibe nalo gawo. Koma taonani kumene chotsutsachi chikuloza. Chikutiuza kuti tiganize kawiri tisanagule, ndiponso kuti tisadzionetsere ndi chiweto. Sichikupatsa munthu chilolezo chotenga galu n'kumugoneka ndi njala ponena kuti anthu ndiwo ofunika. Ndime yomweyo ya Katekisimu imati kuzunza nyama popanda chifukwa n'kosemphana ndi ulemu wa munthu.

Tisaganizenso kuti kukonda chiweto ndi matenda a anthu olemera. M'fanizo limene mneneri Natani anauza Davide pa 2 Samueli 12, munthu amene ankadyera limodzi ndi kamwana ka nkhosa, kakukulira pamodzi ndi ana ake, anali wosauka. Wouma mtima anali wolemera uja wa makola odzaza. Ndipo zimene kagalu kamafunadi si zambiri: nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya kapena usipa, dzira mwa apo ndi apo, madzi oyera, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa, katemera. Chofunika n'kudziwa kuti zotsala za ndiwo za anyezi wambiri ndi mafupa a nkhuku ophika zimamupweteka galu. Zodula kwambiri pa ulimi wa tiagaluti nthawi zambiri zimakhala zimene mwini wake akugulira maso a anthu.

Pali chotsutsa china chochokera ku sayansi. Mu 2022 magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa agalu oposa 18,000 amene anapeza kuti mtundu wa galu umafotokoza pafupifupi 9 peresenti yokha ya kusiyana kwa makhalidwe pakati pa galu ndi galu. Ngati zili choncho, kodi zonse ndanena za Maltese ndi Jack Russell si mphekesera chabe? Ayi, pa zifukwa ziwiri. Za thupi, monga ubweya, msinkhu, mafupa ndi mano, zimatsata mtundu mosakayikitsa, ndipo chisanu cha Dedza chimaluma thupi. Chachiwiri, kafukufukuyu akungolimbikitsa mfundo yanga, chifukwa akutikumbutsa kuti chimene chikubwera pakhomo ndi galu mmodzi wokhala ndi mtima wakewake, amene dzina la mtundu silingatiuze zonse za iye. Ndiye munthu wosankha moyenera sagula pa chithunzi. Amapita kukaona make wa kagaluko, mmene amalandirira alendo, malo amene akugona, ngati ana ake akwanitsa masabata 8 asanachotsedwe kubere, ngati pali chitupa cha katemera. Ana agalu ogulitsidwa m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, atanyamulidwa m'manja padzuwa, ambiri amakhala olandidwa kwa make nthawi isanakwane, ndipo matenda a parvo, otsegula m'mimba mwa magazi, amapha ana agalu osabayitsa m'masiku ochepa. Wogula mwachifundo amati ndikapulumutse aka, koma ndalama yakeyo ndi imene imaitanitsa kena mawa.

Kumene kusankha ndi maso okha kumafikitsa taonako kale kwa anzathu akunja. Kafukufuku wa ku Britain uja anapeza kuti agalu a mphuno yophwatalala otchedwa pug, amene anthu amawakonda chifukwa cha nkhope yooneka ngati ya khanda, amakhala ndi moyo zaka zosakwana 8, ambiri akupuma movutikira. Ku Norway bwalo lalikulu la milandu linagamula mu 2023 kuti kuswetsa mtundu wa Cavalier King Charles spaniel n'kuphwanya lamulo loteteza nyama, chifukwa cha matenda amene mtunduwo umabadwa nawo. Wogula aliyense ndi amene amauza oswetsa agalu zoti apange. Msika wa tiagalu kuno ukungoyamba kumene, ndipo tili ndi mwayi wosaulowetsa njira imeneyo.

Galu wa banja sakhala wa banja lokha, ndipo apa Asilamu, amene ndi ambiri pakati pa Ayao a m'boma lino, ali ndi chotiphunzitsa ngakhale ife amene sitikutsata chiphunzitso chawo. Mwa chiphunzitso cha Shafi'i, chimene Asilamu ambiri a kuno amatsata, malovu a galu ndi odetsa, chiwiya chimene wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, ndipo galu amaloledwa kusungidwa pa ntchito monga kulondera ziweto, munda kapena kusaka. Komabe m'chipembedzo chomwecho muli nkhani ya munthu amene anakhululukidwa machimo chifukwa anatungira madzi galu waludzu ndi nsapato yake. Kusalowetsa galu m'nyumba ndi kumuchitira chifundo zimayendera limodzi bwinobwino. Banja limene chikhulupiriro chake sichilola galu wa m'nyumba lapeza kale yankho lake pa za Maltese, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Banja limene limalola likumbukire kuti mlendo wopemphera ali ndi ufulu wosanyambitidwa, ndipo kumuseka chifukwa akupewa kagalu n'kupanda ulemu.

Udindo waukulu kwa anansi ndi wa chiwewe. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, pafupifupi onse atawatenga kwa agalu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 chinali chiwewe, ndipo ena mwa iwo poyamba ankaganiziridwa kuti ndi malungo aakulu. Zizindikiro zikangoyamba, palibenso mankhwala. Koma njira yake ndi yodziwika: agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufalikira, ndipo bungwe la Mission Rabies linasonyeza kuti n'zotheka pamene mu 2015 linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20. Kagalu ka m'nyumba n'koopsa mwanjira yakeyake, chifukwa eni ake amati sikatuluka ndiye katemera ngwachiyani, chonsecho ndi komwe ana amakapsompsona ndi kugona nako. Geti imatsala yotsegula tsiku lina, galu wachilendo amalowa. Amene sangathe kubayitsa galu wake nthawi yake ikakwana, kapena kuphunzitsa ana kuti bala la galu litsukidwe ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 kenako athamangire kuchipatala, sanafike posankha mtundu uliwonse.

Chotsutsa chimene chimandivuta kuyankha n'chakuti, bwanji osangotenga galu wachikuda? Ameneyu anaumbidwa ndi dziko lomwe lino kwa zaka mazanamazana, kutentha kwake, nkhupakupa zake ndi chakudya chake, ndipo ku South Africa anamupatsa ulemu wa dzina loti Africanis n'kumukhazikitsira bungwe mu 1998. Ana ake amabadwa mudzi uliwonse kuyambira ku Lobi mpaka ku Mtakataka, ambiri opanda wowafuna, ndipo bungwe la LSPCA ku Lilongwe, limene linayamba mu 2008, limafunira makomo agalu otayidwa. Akaleredwa ndi dzanja lofatsa amakhala wokhulupirika ndi wanzeru ngati galu wina aliyense. Ndikuvomereza kuti pa mabanja ambiri a Dedza uyu ndiye woyenera, ndipo banja limene likumukana lidzifunse moona mtima chifukwa chake. Ngati chifukwa n'chakuti bwalo ndi laling'ono, kapena womusamala ndi nkhalamba yosatha kugwira galu wamphamvu, n'zomveka. Ngati chifukwa n'chakuti wachikuda sangatipatse ulemu alendo akabwera, ndiye kuti chimene tikufuna kugula ndi ulemuwo, ndipo galu wogulidwa pa chifukwa chimenechi ndi amene amayamba kuiwalika alendo akazolowera kumuona.

Pa awiri aja, maganizo anga ndi awa. Pakhomo pa mpanda wolimba mpaka pansi, pamene palibe nkhuku zoyendayenda, pali ana okulirapo ndi munthu wamkulu wokonda kuyenda, Jack Russell adzakhala bwino ndipo nyengo ya kuno sidzamuvuta. Pakhomo pamene wina amaswera tsiku lonse, palibe makanda, ndipo onse agwirizana kuti galu azigona m'nyumba ndi kupesedwa, Maltese adzakhala bwino. Koma pali chinthu chimene kuyerekeza konseku kumaiwala, ndicho zaka. Mwana wa Sitandade 3 amene akulirira kagalu lero adzapita ku sekondale yogonera komweko galuyo ali pakati pa moyo wake. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amasamutsidwa, ndipo eni nyumba za lendi ambiri salola agalu. Galuyo adzakalamba, makutu adzagontha, mano adzatha, adzafuna phala lofewa ndi wina womunyamula kutuluka naye panja m'mawa wa Julaye. Amene adzachite zimenezi kawirikawiri si bambo amene anatulutsa ndalama, si ananso amene anasankha dzina. Ndi mayi a pakhomopo kapena mtsikana wantchito, ndipo pa tsiku logula anthu amenewa ndi amene safunsidwa. Afunsidwe iwowo choyamba, auzidwe ntchito yonse mmene iliri, kupesa, kukolopa, kuyenda, kubayitsa, kwa zaka 12 kapena kuposerapo. Akakana, banjalo lisatenge galu chaka chino, ngakhale ana alire.